Ana apatseni botolo ndi pampu, asakapale machesi

Sukulu zitangotsegulidwa mu Januwale, mnyamata wina wa Fomu 2 analowa m'kalasi mwanga dzanja lamanja lili m'bandeji. Nditamufunsa anati wapsa ndi phala. Anzake onse anangozolika, panalibe wondiyang'ana kumaso. Nthawi ya buleki mtsikana wina ananditsatira mpaka kuseri kwa ofesi, nati, "Madamu, si phala ayi. Amapanga roketi." Mwanayo anali atatolera makombola otsala pa Khirisimasi, nakhuthula wonga wake, nawonjezera mitu ya machesi, zonsezo n'kuzipakira m'kachitsulo. Ankafuna kuona chinthu chopanga yekha chikukwera kumwamba ngati zomwe anaona pafoni ya achimwene ake. Chitsulocho sichinakwere. Chinang'ambikira m'manja mwake, ndipo zala ziwiri mpaka lero sizipindika bwino.

Masana ake tinakumana aphunzitsi tonse. Ahedi athu, bambo achikulire amene ndimawalemekeza kwambiri, anagamula kuti mwana aliyense wopezeka ndi chinthu chophulika kapena chouluka adzabwere ndi makolo ake. Pa za chophulika sindinawatsutse. Dzanja lija ndinaliona ndi maso angawa, ndipo usiku umenewo sindinagone tulo. Koma pa za chouluka ndinapempha kuti andimve kaye. Mwana amene wakhala pansi tsiku lathunthu kupala machesi, chidwi chamugwira kale, ndipo lamulo silingachizule. Lamulo limangochisamutsa, kuchichotsa pabwalo la sukulu kuchipititsa kuseri kwa nkhokwe kumene kulibe wamkulu womuyang'anira. Ine maganizo anga ndi akuti ana otere tiziwaphunzitsa kupanga roketi ife tomwe, masana dzuwa likuswa mtengo, ndi zipangizo zosaphulika.

Vutoli silinayambe ndi ife. Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linaponya Sputnik mumlengalenga, ndipo anyamata a ku America anatengeka nazo koopsa. M'magalaja ndi kuseri kwa nyumba ankasakaniza mankhwala oyaka n'kumawathira m'mapaipi achitsulo. Ena anaduka zala, ena anachita khungu, ena anataya moyo. Chinawapulumutsa si chiletso. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Norfolk m'chigawo cha Nebraska, yemwenso ankadziwa bwino za makombola, anali atapanga kale mu 1954 kainjini kakang'ono ka thupi la pepala, kogwira ntchito kamodzi n'kutaya. Anatumiza zitsanzo kwa G. Harry Stine, katswiri amene ankagwira ntchito pamalo oyeserapo maroketi a boma ku White Sands. Stine anaona kuti yankho ndi limeneli. Mu 1957 anayambitsa bungwe limene lero limatchedwa National Association of Rocketry, nalemba malamulo a chitetezo. Mu 1958 Vern Estes anatsegula kampani ku Denver, napanga makina amene anawatcha Mabel, otulutsa tiinjini timeneti tambirimbiri pamtengo woti mwana wasukulu n'kukwanitsa. Mfundo yawo inali imodzi: mwana apange thupi la roketi ndi pepala, mtengo wopepuka ndi pulasitiki, koma wonga asaukhudze. Injini agule yopanga kale kufakitale.

Abale athu amene akulera ana ku Britain kapena ku America akhoza kugula maroketi otere m'sitolo, ndiye ndiwauzeko zochepa. Painjini pamalembedwa zinthu ngati C6-5. Chilembo chimanena mphamvu yonse ya injiniyo, ndipo chilembo chilichonse chimawirikiza kawiri chinzake cham'mbuyo: B ndi kawiri A, C ndi kawiri B. Nambala 6 ndi kukankha kwake m'ma newton, pamene 5 ndi masekondi amene roketi imayandama moto utazima, kawonga kena kasanakankhe mphuno kuti parachuti itambasuke. Ulendo woyamba yambani ndi injini yaing'ono kwambiri mwa zomwe zalembedwa papaketi. Pakati pa injini ndi parachuti pamalowa pepala lapadera losayaka. Mukaikapo tishu wamba, amatsika akuyaka n'kutentha udzu. Podula zipsepse pamtengo wa balsa, mizere ya mtengowo iziyenda motsatira m'mphepete mwakutsogolo mwa chipsepse, apo ayi chimathyoka potera. Kuyatsa kwake ndi kwa batire ndi waya wautali, munthu ataima patali mamita 5, ndipo ikakana kuyaka mumadikira masekondi 60 musanayandikire. Chonde, pobwera kumudzi musazilongedze m'chikwama injinizo. M'ndege saloleza.

Kuno kwathu tiinjini timeneti simungatipeze m'golosale, ndipo ine sindidandaula nazo. Tili ndi njira ina yophunzitsa zomwezo popanda moto: botolo la pulasitiki, madzi ndi pampu ya njinga. Mumathira madzi pang'ono m'botolo, kulitseka, kulizondotsa kukamwa kuloze pansi, n'kupopera mpweya mkati. Mpweya wopanikizika uja ukapeza potulukira umakankha madzi pansi mwamphamvu, madzi nawo amakankha botolo kumwamba. Ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton, lomwe analisindikiza mu 1687, lomwe ana athu amaliloweza pamtima chaka ndi chaka osalionapo ndi maso. Roketi ya NASA ndi botolo la Fanta zimamvera lamulo lomweli.

Ntchito yonse imayambira posankha botolo, ndipo apa ndi pamene ndimakhwimitsa. Likhale la chakumwa cha gasi, la malita 2 kapena 1.5, chifukwa mabotolo amenewa anawapangira kuti azipirira mpweya wopanikizika. La madzi akumwa, la sikwashi kapena la mafuta ophikira ayi. La galasi musaliganizire n'komwe. Liunikeni padzuwa, muliyendetse chala pathupi ponse. Likakhala ndi zokalika zakuya, kapena linapindikapo n'kusiya mzere woyera, litayeni. Lomwe lakhala kudzala likuwombedwa ndi dzuwa miyezi yambiri nalonso silodalirika. Botolo losunga mpweyalo silidulidwa, silibooledwa, silimatidwa ndi chinthu chotentha. Zonse zomwe mufuna kuphatikapo, phatikani ndi selotepi kunja kwake.

Chotsekera ife timagwiritsa ntchito cha mphira cha mu labu. Kumene kulibe, ana amasema kamtengo n'kukakulunga ndi legeni mpaka kalowe kukamwa kwa botolo mothina. Pakati pake pamabooledwa, n'kulowetsapo kachitsulo ka valavu yochokera ku chubu chakutha cha njinga, kamtima kake katachotsedwa. Pamenepo timalumikiza paipi yopyapyala yoonekera mkati, ija amisiri omanga nyumba amayezera levulo, yotalika mamita osachepera 5. Valavu yeniyeni, yogwira ntchito, timaiika kumapeto kwinako, kumbali ya pampu. Ichi ndi chinthu chaching'ono koma ndikupemphani musachiphonye. Tsiku lina chotsekera chidzakana kuchoka, botolo lili gwa ndi mpweya. Valavu ikakhala kubotolo, wina adzayenera kupita kukaligwira. Ikakhala kupampu, mumangoimasula muli patali, madzi n'kubwerera m'paipi, botolo n'kuphwa lokha. Amene ali ndi pampu ya geji asapitirire ma bar 4.

Zipsepse zitatu n'zokwanira, zinayi zimavuta kuziyika molingana. Katoni imagwira ntchito ulendo umodzi kapena iwiri, kenako imanyowa n'kulefuka. Ife timadula pachigubu chakutha kapena pabeseni long'ambika. Zikhale zofanana ndendende, ndiye dulani chimodzi, chikhale chojambulirapo zinzake. Kuti zitalikirane mofanana, zungulizani pepala pabotolo, mulidule pamene lakumana, mulipinde patatu, mizere yopindikayo ndiye malo a zipsepse. Kuti mzere uwongoke kutsika m'litali mwa botolo, ana amaligoneka pamphuthu ya chitseko n'kujambula motsatira ngodya yake. Chipsepse chimodzi chikapendekeka pang'ono, roketi imakhota ngati njinga yopindika folo. Ndipo ziikeni kumunsi kwenikweni, pafupi ndi kukamwa kwa botolo, chifukwa uko ndiko kumchira.

Tsono ndifike pa chinthu chimene chinandiphunzitsa mowawa. Roketi yathu yoyamba inali yokongola, zipsepse zili bwinobwino, koma kumphuno sitinaikeko kanthu. Ndinkaganiza kuti kupepuka ndiye kukwera. Itachoka inakwera mwina msinkhu wa nyumba, kenako inatembenuka, n'kuyamba kuthamanga chopingasa kulunjika kumjigo kumene amayi awiri ankatunga madzi, wina mwana ali kumbuyo. Inagwa patsogolo pawo mapazi owerengeka. Mtima unandigunda mpaka madzulo. Ndinapita kukapepesa, ndipo mayi wamkuluyo anangoti, "Aphunzitsi, muziona kolozetsa zinthu zanuzi, kuno kuli ana." Ananena zoona, ndipo kuyambira pamenepo palibe roketi imene imachoka pansi isanayesedwe.

Chimene ndinaphonya, makolo athu osula mivi ankachidziwa kalekale. Muvi umakhala ndi chitsulo kutsogolo, nthenga kumbuyo. Kulemera kutsogole, chogwira mphepo chitsalire. Roketi ili ndi malo awiri ofunika kuwadziwa. Oyamba ndi pamene imadendekera mukaigoneka pachala. Achiwiri ndi pamene mphepo imaikankhira ikaiwomba cham'mbali, ndipo zipsepse ndi zomwe zimakokera malo amenewa kumchira. Malo odendekera ayenera kukhala kutsogolo kwa malo a mphepo, motalikirana pafupifupi kunenepa kwa botololo kapena kuposerapo pang'ono. Zikatero, roketi ikayamba kupatuka mphepo imakankha mchira n'kuibwezera m'njira yake. Zikasemphana, mphepo yomweyo ndi imene imaitembenuza. Ndiye timadula kumtunda kwa botolo lachiwiri kukhala mphuno, mkati mwake n'kumatamo dongo lolemera ngati dzira limodzi kapena awiri, n'kuveka kutako la botolo loyamba. Dongo, osati mwala kapena bawuti, chifukwa chokwera chimatsikanso. Kunsonga timamangako siponji ya matiresi akutha.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Pezani pamene roketi yopanda madzi imadendekera, mumangepo chingwe cha mamita 2, muchigwiritse ndi selotepi kuti chisatsetsereke. Mwana mmodzi aime pakati pabwalo, aizungulitse pamwamba pamutu pake ngati akufuna kuponya gulaye. Ikaloza mphuno kumene ikupita, ndiye kuti ili bwino. Ikamayenda chafutambuyo kapena kumangogudubuzika, onjezani dongo kapena kulitsani zipsepse, mupezenso podendekera patsopano, muyesenso. Timayesa yopanda madzi chifukwa madzi onse amatha pasanathe theka la sekondi, ndipo ulendo wonse wotsalawo botolo limauluka lili lopanda kanthu. Masamu opezera malo a mphepo aja anawalongosola James Barrowman wa ku NASA mu 1966, ndipo lero kuli pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa OpenRocket, imene anaiyamba wophunzira wa ku Finland, Sampo Niskanen, yomwe imawerengera malo awiri aja munthu akangolowetsa miyeso. Sukulu imene ili ndi kompyuta iipeze. Ife chingwe chimatikwanira.

Za kuchuluka kwa madzi sindiwauza ana yankho. Nthawi zonse pamakhala gulu lofuna kudzaza botolo, ati mafuta ambiri ulendo wautali, ndi gulu lina lofuna mpweya wokhawokha kuti ipepuke. Ndimawasiya ayese. Lodzaza limangodzuka pang'ono n'kugwa likukhavula madzi, chifukwa mpweya wochepawo umatha mphamvu madzi asanathe. Lopanda madzi limangoti phu, n'kutera pafupi, chifukwa mpweya ndi wopepuka, palibe cholemera choti chiponyedwe pansi. Akayesa kangapo amafika okha pa gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, ndipo chomwe apeza okha sachiiwala.

Malo oponyerapo ndi bwalo la mpira, pakati penipeni, kutali ndi nyumba, msewu, mjigo ndi mawaya a ESCOM. Roketi ikakodwa pawaya wamagetsi, yapita basi, palibe wokwera kapena kuitokosa ndi nsungwi. Amene sukulu zawo zayandikana ndi bwalo la ndege la ku Chileka kapena la Kamuzu ku Lumbadzi afunse kaye akuluakulu a kumeneko. Timaponya m'mawa mphepo isanadzuke, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene mwera umavuta. Malamulo a ku America aja amaletsa kuponya mphepo ikapitirira makilomita 32 pa ola, koma botolo lathu ndi lopepuka, ndiye ine ndikangoona nthambi za mtengo wa mango zikugwedezeka ndimaimitsa. Mu Okutobala mabotolo amadikirira pamthunzi, chifukwa pulasitiki ikatentha imafooka. Timazika nsungwi yowongoka yotalika mita imodzi, yoloza kumwamba, ndipo pambali pa roketi timamatapo kapaipi kakafupi kolowa munsungwimo momasuka, kuti poyambira penipeni, liwiro lisanakwane loti zipsepse zigwire ntchito, nsungwiyo iiwongolere. Oonerera onse amaima kumbuyo kwa mzere, mamita 10, ndipo saloledwa kukhala pansi kapena kuyang'ana kwina. Palibe woweramira roketi pampu italumikizidwa. Palibe woithamangira kuti aiwakhe potsika. Wopopa akayamba, gulu lonse limawerenga mokweza kupopa kulikonse, kuti aliyense adziwe kuti nthawi ili pafupi.

Pali anzanga ena amene amati zonsezi n'kutaya nthawi, silabasi ndi yaitali, mayeso a MSCE sadikira munthu. Nkhawa yawo ndimaimvetsa, inenso amandiyeza ndi zotsatira za mayeso. Koma ndikanakonda akanaima nane pabwalo Loweruka lina. Mtsikana yemwe uja anandiululira za bandeji anaima mamita 30 kuchokera pansungwi, atagwira protractor mozondotsa, pakati pake atamangapo ulusi wokhala ndi kanati kumapeto. Ana anawerenga mpaka 23, chotsekera chinafwamphuka, madzi anathovokera pansi, botolo linakwera mowongoka ngati likukokedwa ndi chingwe. Iye analitsatira ndi diso limodzi m'mphepete mwa protractor mpaka pamene linaima kaye m'mwamba lisanatembenuke, ndipo pomwepo anatsina ulusi ndi chala. Unali pa 40. Anachotsa 40 pa 90, napeza madigiri 50. Anagwada pansi, kope pabondo, nachulukitsa 30 ndi tangent ya 50, yomwe ndi 1.19, napeza mamita 35.7. Kenako anaima kaye, nati, "Madamu, koma diso langa silinali pansi." Anawonjezera mita imodzi ndi theka ya msinkhu wake. Mamita 37. Mwana ameneyu teremu yapitayo ankati masamu a ngodya ndi ufiti, ndipo za kutalika kwa diso sindinamuuze ndine.

Asaganize wina kuti madzi ndi mpweya ndi zachibwana. Mu 2015 gulu la pa University of Cape Town ku South Africa linaponya roketi ya madzi imene inakwera mamita 830, n'kuposa onse padziko lapansi amene anali atayesapo panthawiyo. Yawo inali ya zipangizo zodula ndi mpweya wopanikizika kwambiri moti ife sitingayerekeze, koma mfundo zake ndi zomwezi: podendekera, zipsepse, kuchuluka kwa madzi, kuyeza ndi kulemba. Ndipo Robert Goddard, amene pa 16 Malichi 1926 anaponya roketi yoyamba ya mafuta amadzimadzi pamunda wa wachibale wake ku Auburn, Massachusetts, inangomukwerera mamita 12 ndi theka. Botolo la ana anga linaposa pamenepo pafupifupi katatu.

Pempho langa kwa ahedi a sukulu m'dziko muno ndi laling'ono. Musaletse, koma ikani mphunzitsi woyang'anira, perekani bwalo ola limodzi pasabata, ndipo malamulo a chitetezo alembedwe papepala, mwana aliyense awawerenge mokweza asanagwire pampu. Kwa makolo, mukaona mwana akutolera mabotolo ndi machubu akutha, mufunseni chomwe akupanga, mumuperekeze, mumubwereke pampu. Koma mukaona mabokosi a machesi akutha msanga m'nyumba, kapena makombola ong'ambidwa pakati, khalani naye pansi tsiku lomwelo. Ahedi athu anavomera patapita masabata atatu, atabwera okha kudzaona, ataima kumbuyo kwa mzere ngati wina aliyense.

Mnyamata wa bandeji uja ndinamupatsa udindo woyang'anira chitetezo. Ndi iye amaunika botolo lililonse padzuwa, ndi iye amajambula mzere wa oonerera ndi phulusa, ndipo pampu siigwidwa iye asananene kuti bwalo layera. Sabata yatha anabweza roketi ya anyamata a Fomu 4, akuluakulu kuposa iye, chifukwa anapeza kuti kumphuno abisako bawuti m'malo mwa dongo. Anang'ung'udza, koma anaichotsa. Pano gulu lake likulimbana ndi parachuti ya nsalu ya ambulera yakutha. Yakana kutambasuka maulendo anayi, ndipo m'kope mwawo alemba kuti mphuno ikuthina kwambiri pabotolo. Loweruka likubwerali akufuna kuyesa mphuno yongokhazika, yopanda selotepi.